Zigubu Ziwiri za Madzi Obiriwira

Pamudzi pathu pano aliyense amadziwa kuti madzi a pa mjigo saphikira nyemba. Ndi amchere. Uzisonkhezera mpaka nkhuni zonse zithe, nyemba zili gwa ngati miyala. Sopo sachita thovu. Ndowa yachitsulo imabooka pansi chaka chisanathe. Zimenezi ndimazidziwa kuyambira ndili mwana, ndiye munthu asadzandinenere kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa, koma ndinkadziwira nyemba ndi ndowa basi.

Galimoto anabwera nayo ndi mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amene amagulitsa nsalu ku Limbe. Sinali yatsopano. Inali yaing'ono, yoyera, chitseko chimodzi chotsegukira kunja kokha. Ndipo sanagulire ine kuti ndizikanyada nayo kumsika. Anagulira agogo ake, amayi anga.

Amayi anagwa kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo kuchokera pamenepo sayenda. Ife tili kumunsi, moyang'anizana ndi dambo. Shire akadzaza amayambira kwathu. Chaka china madzi atabwera tinachotsa chitseko cha nyumba, n'kuwagoneka pamenepo, n'kuwanyamula anthu anayi, madzi ali m'chiuno, mpaka pamene panaima mwadiya, bwato lathu la kuno. Mmene analirira tsiku limenelo sindifuna kufotokoza. Mwana wanga atamva anangoti, "Baba, zimenezi sizidzachitikanso." Patapita miyezi ingapo, uyu watulukira ndi galimoto.

Anandionetsa mmene mpando wakumbuyo umagonera. Anati, "Muyala matiresi apa, agogo agona, inu pang'onopang'ono mpaka kumtunda kwa asuweni anu. Wailesi ikangonena za madzi musadikire. Akakhala sabata ziwiri, madzi aphwa, mukawatenga." Kenako anayamba kundiwerengera zochita. Loweruka lililonse ndiziiliza, ndione oilo, ndione madzi, ndiyende nayo mpaka pamsewu wa tala n'kubwerera. Anatulutsa zigubu ziwiri za madzi obiriwira ngati ndulu, zolembedwa Chingerezi mbali zonse. Anati rediyeta imadontha pang'ono, madzi akatsika ndizithiramo amenewo.

Ndinamudula. Ndinati, "Iwe, ine ndayendetsa thirakitala ku esiteti zaka khumi ndi ziwiri, ndikukoka nzimbe iwe ukuyenda wopanda kabudula. Usandiphunzitse galimoto."

Zaka khumi ndi ziwirizo n'zoona. Chimene sindinamuuze n'chakuti ku esiteti dalaivala saloledwa kutsegula boneti. Thirakitala ikatsokomola umangoimika, a ku wekishopu amabwera ndi maovolosi awo. Ine yanga inali chiwongolero. Sukulu ndinalekera sitandade 3, ndiye zolemba za pa zigubuzo kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku pafumbi. Koma kufunsa mwana wobala ndekha, pamaso pa amayi ake, sindikanatha.

Mwana atapita ndinakhala pansi n'kuziyang'ana zigubu zija. Ife tinakula chinthu chabwino sichigwira ntchito tsiku wamba. Nsapato n'za kutchalitchi. Mbale zadothi zimatuluka kukabwera alendo. Bulangete latsopano limagona m'sutikesi, iwe ukufunda lakale. Ndiye madzi a m'sitolo, okongola chonchija, ndizingowathira Loweruka lililonse kuti azidonthera m'fumbi? Ndinati ayi. Awa ndi a tsiku lenilenilo, tsiku lonyamula amayi. Ndinapita nazo m'chisakasa changa kuseri kwa nyumba, ndinaziika pakona, n'kuphimba ndi chiguduli. Pamwamba pake ndinasanjapo zinthu zina kuti munthu asazione n'kuzilakalaka.

Ndinene chilungamo, Maloweruka amenewo anali masiku abwino. Tinkadzuka dzuwa lisanapse. Akazi anga amatulutsa amayi pakhonde, kuyanika matiresi, kuchapa, kuzira pansi, kukwecha mapoto ndi mchenga. Ine kugalimoto, pansi pa mtengo wa nimu. Ndimayamba n'kusesa ndowe za makoswe mu injini. Kenako ndimasolola kachitsulo ka oilo, kupukuta ndi kansanza, kubwezera, kusololanso. Matayala ndimapopa ndi pampu ya phazi mpaka thukuta kulowa m'maso. Ndikatero ndimapita ku mjigo, ndowa ziwiri zotsukira, chigubu chimodzi cha mu rediyeta. Palibe Loweruka limene ndinadumphitsa, ngakhale kukhale maliro. Ndimayamba ndathira madzi, kenako kumaliroko.

Cha m'ma teni mwana amaimba foni. Moni wake unali umodzi: "Baba, ndimve." Ine ndimaliza injini, n'kuika foni pafupi, n'kuponda moto kawiri. Iye amaseka n'kuti, "Ikulira bwino." Amayi pakhondepo amagwedeza mutu. Amaitcha ng'ombe yawo.

Akazi anga anandiuzapo, ndisawanamizire. Iwo ali ndi dilamu lawo pansi pa malata, lotchera madzi a mvula, ndipo amawasunga ngati mafuta. Ndi a nyemba, a tiyi, ndi omwera mankhwala amayi. Tsiku lina ataona ndikupendeketsa chigubu cha ku mjigo anaima ndi tsache m'manja.

"Abambo ake, madzi amene akukanidwa ndi nyemba, galimoto iwalola?"

"Galimoto ndi nyemba?"

"Ndangofunsa. Tungani a m'dilamu, sindikaniza."

"Iwe unayendetsapo chiyani? Mtondo? Injini imatentha, mchere umapsa n'kutuluka ndi utsi. Madzi ako a tiyi sunga."

Zoti mchere umapsa palibe anandiuza. Ndinangozipeka pomwepo, ndipo zitatuluka pakamwa ndinazikhulupirira. Iwo anangoti, "Chabwino, adalaivala," n'kupitiriza kusesa.

Zizindikiro zinalipo. Pachivundikiro cha rediyeta panayamba kuyera, ngati thukuta louma pamalaya a wodula nzimbe. Ndimapala ndi mpeni. Madzi a mkati anasanduka ofiirira. Poyamba imamwa kapu imodzi pa sabata, kenako jagi, kenako theka la chigubu. Ine ndimati n'kutentha kwa kuno, nanga munthu amene sitikumwa kwambiri? Ikamamwa kwambiri, ine ndimathira kwambiri, n'kumadziona ngati munthu wosamala. Zinayenda choncho zaka ziwiri, ndipo zaka ziwiri zimenezo madzi sanafike pakhomo.

Tsiku limene inafa linali Loweruka la mu Novembala, mitambo itayamba kuunjikana kumapiri a Thyolo. Dzulo lake akazi anga anapeza khungu la njoka pakhomo la chisakasa. M'mawa ndikutsuka galimoto ndinangomva zitsulo zikugwa kuseri. Kupita, ndinapeza atamanga chitenje m'chiuno, akutulutsa katundu wanga n'kumaponya pabwalo milu iwiri.

"Uku n'kutani?"

"Uwu n'wootcha, uwu n'wopatsa a zitsulo. Amayi amagona pansi. Njoka ikachoka muno ilowera kuti?"

Zonse zinali pamtetete. Mafelemu awiri a njinga. Zikwanje zanga zakale zodulira nzimbe, za nthawi imene ndinali ndisanakwere thirakitala. Majombo a phazi limodzi. Mawailesi atatu akufa. Zitini za mabawuti, waya, ukonde wong'ambika, ndi chitseko chija tinanyamulira amayi, chimene chinapindika ndi madzi n'kukana kubwerera pamalo pake.

Ndinatola wailesi imodzi. "Iyi imangofuna sipika."

"Inayamba kufuna sipika mwana wathu ali kupulayimale."

"Felemu iyi ndi yolimba kuposa njinga za masiku ano."

"Ndiye ikwereni mupite nayo kumsika."

"Chitseko usakhudze."

"Chiswe chakhudza kale."

Ndinakalipa mpaka agalu a oyandikana nawo anayamba kuuwa. Ndinanena kuti pakhomo pano palibe amene amadziwa mtengo wa chinthu koma ine ndekha, kuti mkazi angathe kuotcha ndi mwamuna yemwe atamupeza atakhala phee. Iwo akungotulutsa. Ndinakoka chitseko n'kuchitsamiritsa kukhoma, n'kukalowa m'galimoto. Tsiku limenelo sindinayende pang'onopang'ono. Nditafika patala sindinabwerere, ndinapitirira, ndikulankhula ndekha, ndikuyankha mawu amene akazi anga sananene n'komwe. Kamuvi koonetsa kutentha kwa injini sindinakayang'ane. Ndinadzidzimuka ndi nthunzi ikutuluka m'boneti ndi fungo ngati la mpoto wopserera.

Ndinaima. Ndinatsegula chivundikiro ndi chisanza, chinandilavulira dzanja. Nthunzi itachepa ndinatenga chigubu changa cha ku mjigo, madzi ozizira, n'kukhuthulira onse mu injini yotentha. Ndinamva kuti the, kamodzi, mkati. Kuliza, inangotsokomola, kutulutsa utsi woyera, n'kuzima. Kuyesanso, zii.

Anandikoka ndi ng'ombe. Mwini ngolo wa pamudzi pathu, amene ndinkamuimbira hutala Loweruka lililonse kuti achotse zinyama zake mumsewu, ndi amene anamasula ng'ombe zake ziwiri n'kumanga chingwe kubampala. Titalowa m'mudzi anangoti, "Imbanitu hutala, mbuyanga, anthu apatuke." Ndinakhala pachiwongolero ndikuyang'ana michira.

Makaniko wa pa sitolo zapatala anabwera masana pa njinga yake yamoto. Ndi bambo wamfupi, wosathamanga polankhula. Anasolola kachitsulo ka oilo n'kundionetsa. Oilo anali ngati tiyi wamkaka. Anapisa chala pakhosi pa rediyeta, chitsulo chinafumbutuka ngati chikondamoyo. Kenako analawa chalacho.

"Mbuyanga, muno mumaphikamo ndiwo?"

"Lankhula za galimoto."

"Ndikulankhula za galimoto. Mchere wadya mkati monse. Rediyeta yatha, pampu ya madzi yatha, hedi ya injini yang'aluka. Pansipo sindinatsegule koma ndikukayika. Mumathira madzi a kuti?"

Ndinamuuza kuti amakaniko onse ndi akuba, amaona galimoto ya munthu n'kuyamba kuiwerenga ziwalo ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Ndinamuuza za zaka khumi ndi ziwiri. Iye ankangopukuta zala. Ndili mkati mokalipa, akazi anga anatulukira kuseri, fumbi lili m'mutu monse, chigubu dzanja ili, chigubu dzanja ili. Anali atafika pakona ya chisakasa.

"Abambo ake, nanga izi? Zootcha kapena zosunga?"

Makaniko analandira chimodzi, anapukuta fumbi, anawerenga, n'kuyesa chivundikiro. Chinali chisanatsegulidwepo.

"Awa ndiye madzi ake. Munali nawo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Munkasunga a chiyani?"

"A tsiku la madzi."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pakhonde pamene panagona amayi, ndipo sanaseke. Bola akanaseka, ndikanapeza pomugwira. Anangofotokoza bwinobwino ngati akuuza wodwala. Anati kudontha kuja kunkachokera pa kapayipi kokhwefuka, ntchito yongomanga ndi sikuludiraiva. Anati madzi obiriwirawo ndi oletsa dzimbiri, ukasakaniza ndi a mvula amakhala nthawi yaitali. Anati ngakhale a mvula okhawo, a m'dilamu lija, galimoto ikanakhala ikuyenda mpaka lero.

Ndinadikira kuti akazi anga anene. Anali ndi ufulu wonse. Sananene. Anaika chigubu chinacho pansi pafupi ndi phazi langa, n'kubwerera ku mulu wawo kukayatsa moto. Mpaka lero sanatchulepo, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Munthu akakunena umamuyankha. Wosanena umutani?

Makaniko anati pakufunika injini ina. Anatchula mtengo, sindiubwereza pano. Ngakhale nditagulitsa mbuzi zonse ndi mapira a m'nkhokwe sizikanafika pakati.

Mwana anali ataimba m'mawa, ine ndili kumbuyo kwa ng'ombe, sindinayankhe. Anaimbanso dzuwa litapendeka.

"Baba, ndimve."

"Palibe choti umve."

Ndinayamba ndi kumukalipira iyeyo. Ndinati unagula chiphakasa, anakubera anthu a m'tauni. Ndinati unandisiyira zigubu za Chingerezi ukudziwa bwino kuti bambo ako sawerenga. Anandisiya ndinene zonse. Kenako anafunsa kuti makaniko wati chiyani, ndipo ndinamuuza, chifukwa akazi anga anali ataima pomwepo. Pafonipo ndimamva maminibasi a ku Limbe akuitanira anthu. Ndimadziwa kuti malonda ake chaka chimenecho sanali bwino. Sanandinene nayenso. Anangofunsa kuti, "Nanga agogo?"



Tinakambirana masiku angapo, ine, akazi anga, ndi mwana pafoni. Galimoto za hayala tsiku la madzi sizitsikira kuno. Ngolo ilipo, koma tsiku limenelo mwini wake amanyamula ana ake ndi mbewu zake, ndipo mvula ikagwa kawiri dothi lathu lakudali limagwira matayala ngati ulimbo. Chitseko ndi mwadiya, mwana anati akamva zimenezo sadzapondanso pakhomo pano. Chinatsala chimodzi, kuwasamutsa msanga njira ikadali youma, akakhale kwa msuweni dzinja lonse.

Ndinakawauza ndine. Amayi akakwiya amabwerera ku Chisena chawo. Anati, "Nkhabe," ndiye kuti ayi. Ndinafotokozanso. Anati, "Nkhabe, mwananga. Madzi sanabwere, ukundithamangitsiranji? Ng'ombe yanga ili apo." Ndinawauza kuti ng'ombe yawo yafa. Anafunsa kuti yafa ndi chiyani, ndimaisamala chonchija. Ndinatuluka panja.

Tinanyamuka m'mamawa sabata yoyamba ya Disembala. M'ngolo tinayalamo chitseko chija kuti pansi pakhale posalala, pamwamba matiresi. Akazi anga anakhala kumutu atagwira ambulera, ine kumbali. Ulendo umene pagalimoto sukwana ola unatitengera mpaka dzuwa pamutu. Msewu wathu ndi mikwingwirima yokhayokha ya mathirakitala ndi mapazi a ng'ombe ouma. Tayala likagwera, amayi amabuula. Ndinakalipira mwini ngolo kuti ayende bwino, anati, "Msewu sindinapange ine, mbuyanga." Ndinakalipira ng'ombe. Pakati panjira amayi anasiya kubuula, anangondigwira pamkono, ndipo tayala likagwera zikhadabo zawo zimalowa. Anthu okumana nawo amavula zipewa, kuyesa tanyamula maliro. Mmodzi ndinamutukwana, munthu wosalakwa.

Msuweni anatilandira bwino, sindingamunene. Koma nyumba yake ndi yodzaza. Amayi anawapatsa kachipinda kosungira matumba a thonje ndi mapira, kawindo kamodzi kakang'ono m'mwamba. Kulibe khonde loona njira, kulibe amene amawadziwa kuyambira utsikana wawo, kulibe wowayankha Chisena. Titawagoneka anatembenukira kukhoma. Masiku atatu sanathe kudzuka ndi ululu, ndipo atayamba kulankhula anauza akazi anga, osati ine, kuti ngolo sadzakweranso ngakhale awamange.

Chaka chimenecho madzi sanabwere. Mvula inagwa yabwinobwino, dambo linadzaza n'kuima pamalire ake, mbatata zinachita bwino kudimba. Pakhomo panga sipanalowe ngakhale dontho. Ndinawazunza amayi anga theka la tsiku padzuwa chifukwa cha madzi amene sanabwere, ndipo tsopano kuwabweza ndilibe pokwezera. Njira inauma kalekale. Ndafunsapo a mapikapu, amene wavomera kutsikira kuno galimoto yake ndi yonyamula mbuzi, yodumpha kuposa ngolo. Mwana akuti akuyesetsa za injini. Ndikamufunsa amati, "Ndikuyesetsa, baba," ndipo ndinasiya kufunsa. Loweruka saimbanso m'ma teni. Amaimbira amayi ake madzulo.

Galimoto ili pomwepo pansi pa nimu, pamiyala, kuti matayala asaphwe. Ndimaisesabe ndowe za makoswe, sindidziwa chifukwa chake. Chisakasa chili mbee, munthu ungagonemo. Zikwanje zanga, mafelemu, mawailesi, zonse zinapita. Mwatsala zigubu ziwiri pakona, zosatsegula. Makaniko anafuna kuti azitenge, ndinamuthamangitsa.

Tsopano Loweruka ndimadzuka m'mamawa, akazi anga amandimangira kachigubu ka madzi a m'dilamu pakaliyala ndi nsomba zouma pang'ono, ndimapalasa njinga kupita kumtunda. Ndimafika thukuta lili chuchuchu. Ndimawatembenuza amayi, kuwatulutsira matiresi padzuwa, kusesa kachipindako, kusuntha matumba kuti mphepo ipite. Amamwa madzi a kwathu pang'onopang'ono, ndipo akamaliza amafunsa funso lomwelo, kuti ndiwatenga liti.

Poyamba ndinkati madzi akaphwa. Kenako ndinkati njira ikauma. Loweruka lathali atafunsa ndinangokhala pathumba la mapira ndikuyang'ana pansi. Iwo anandiyang'ana, n'kundipatsa kapu kuti ndiike pawindo. Anati ndizipita dzuwa lisanapse, ndi kutali.